Machip a kumsika m'zida za nkhondo: zimene America inapindula ndi mtengo umene ikulipira

Mu Meyi 2012, komiti yoona za asilikali m'nyumba ya Senate ku America inatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anatenga nthawi yopitirira chaka. Inapeza kuti m'zaka ziwiri zokha, 2009 ndi 2010, panali nkhani pafupifupi 1,800 za tizipangizo tamagetsi toganiziridwa kuti n'tachinyengo timene tinalowa m'njira yogulira katundu wa asilikali, ndipo tikawerengedwa kamodzikamodzi tinkapitirira miliyoni. Tina tinali titafika kale m'ndege zimene zinkauluka. Tinapezeka m'masikirini amene oyendetsa ndege za C-130J ndi C-27J amaonerapo mmene injini zikuyendera, mafuta amene atsala ndi machenjezo a ngozi. Tinapezeka m'chipangizo chozindikira ayezi pa ndege ya P-8A, komanso m'makina othandiza helikoputa ya SH-60B kuona usiku. Pa nkhani zimene komitiyo inalondola mpaka ku gwero, zoposa 70 pa 100 zilizonse zinkaloza ku China.

Mboni zinafotokozera komitiyo mmene machip achinyengo oterewa amapangidwira (machip ndi tizipangizo ting'onoting'ono tamagetsi timene timayendetsa makompyuta, mafoni ndi makina ena). Makompyuta akale otayidwa ku America ndi ku Ulaya amathera m'madera ngati Shantou m'chigawo cha Guangdong. Kumeneko anthu amawamba mabolodi pamoto mpaka mtovu utasungunuka, n'kuwagogoda kuti machip ayoyoke. Amawatsuka mumtsinje, amawayanika padzuwa m'mbali mwa msewu, kenako amapala pamwamba pake kuti zolembedwa zakale zifufutike, n'kupakapo utoto wakuda ndi kusindikizapo dzina latsopano ndi deti latsopano. Kachip kamene katumikira zaka khumi m'kompyuta ya muofesi kamabadwanso ngati katsopano, mwinanso kolembedwa kuti n'ka muyezo wa asilikali.

Funso n'lakuti, gulu la nkhondo lolemera kuposa onse padziko lapansi linafika bwanji pogula zinthu zoyanikidwa m'mbali mwa msewu? Kuloza chala amalonda adyera n'kosavuta, ndipo iwo ali ndi mlandu wawo. Koma muzu wa nkhaniyi uli pa chiganizo chimene boma la America linapanga mu 1994. Ineyo ndimaona kuti chiganizocho chinali cholondola, kungoti mtengo wake sunawerengedwe wonse.

Tiyambe ndi tanthauzo la "muyezo wa asilikali", umene iwo amautchula mwachidule kuti mil-spec. Kachip ka m'wailesi kapena m'kompyuta ya panyumba wokapanga amalonjeza kuti kagwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 70. Ka m'makina a m'fakitale, kuyambira madigiri 40 pansi pa ziro kufika 85. Ka asilikali kayenera kugwira kuyambira madigiri 55 pansi pa ziro mpaka 125, kupitirira pamene madzi amawira. Manambalawa sanangotoledwa. Pamtunda wa makilomita 11 m'mwamba mpweya umazizira pafupifupi madigiri 56 pansi pa ziro, ndipo ndege imene inali itaima pa phula lotentha m'chipululu imafika kumeneko m'mphindi zochepa. Chitsulo, galasi ndi pulasitiki zimafufuma ndi kunyala mosiyana, choncho kutentha kukasinthasintha chonchi tsiku ndi tsiku, timawaya ta m'kati timatopa n'kuduka.

Kuti kachip kapatsidwe dzina limeneli kankadutsa m'mayeso olembedwa m'chikalata chotchedwa MIL-STD-883, chimene chinayamba kugwira ntchito mu 1968. Kasanatsekedwe, munthu ankakayang'ana m'kati pa maikulosikopu. Kankatsekeredwa m'kabokosi ka seramiki kapena chitsulo kosalowa mpweya, n'kuyesedwa ngati kakudontha. Kankaponyedwa m'chipinda chozizira madigiri 65 pansi pa ziro, kenako m'chotentha madigiri 150, mobwerezabwereza. Kankazunguliridwa m'makina mpaka kulemera kwake kuchulukitsidwe ka 30,000, kuti ngati pali kawaya komata mofooka kathothoke pompo. Kenako kankayatsidwa n'kusiyidwa kakugwira ntchito mu uvuni wa madigiri 125 kwa maola 160, chifukwa machip olumala amafa msanga, ndipo kuli bwino afere mu uvuni kusiyana ndi m'ndege. A m'masetilaiti ankakhalamo maola 240, ndipo ankagwedezedwanso pamakina okhala ndi chomvetsera, kuti ngati m'kati mwatsala kachidutswa kakang'ono kachitsulo kamveke kakulira. Mayeso amenewa sankachitidwa pa machip ochepa oimira anzawo ayi. Kalikonse kankayesedwa pakokha.

Koma chamtengo wapatali kwambiri m'dongosololi sichinali kulimba. Chinali kudziwa. Wogula ankadziwa fakitale imene kachip kanapangidwa, sabata imene kanapangidwa, gulu limene kanatulukamo ndi amene anasaina kuti kapambana mayeso. Ankadziwanso kuti wopangayo sangasinthe kapangidwe osanena. Kachip kamodzi kakafa m'mzinga, zinali zotheka kulondola abale ake onse kumene ali n'kuwachotsa.

Makampani ankavomera zovuta zonsezi chifukwa boma ndilo linali kasitomala wamkulu. Jack Kilby wa ku Texas Instruments atapanga kachip koyamba mu 1958, ndipo Robert Noyce wa ku Fairchild atapeza njira yabwino yokapangira chaka chotsatira, anthu wamba sakanakwanitsa mtengo wake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 pafupifupi machip onse ankagulidwa ndi boma, makamaka a mzinga wa nyukiliya wa Minuteman II ndi a kompyuta ya Apollo imene inapita ku mwezi. Mwini ndalama ndiye ankalamula. Kenako kunabwera makalikyuleta, mawotchi, makompyuta a panyumba, magalimoto ndi mafoni, ndipo zinthu zinatembenuka. Lero zimene maboma ndi asilikali amagula ndi kachigawo kakang'ono kwambiri ka msika wa machip, kamodzi kapena kuwiri pa 100.

Pofika zaka za m'ma 1980 dongosolo lakalelo linali litayamba kudzilemera lokha. Zikalata za miyezo zinali pafupifupi 30,000, ndipo zina zinkalamula ngakhale kaphikidwe ka makeke a asilikali m'masamba ambirimbiri. Nyuzipepala zinkalemba za hamala ya madola 435 ndi chivundikiro cha chimbudzi cha m'ndege cha madola 640. Choipa kwambiri chinali chakuti pepala losainidwa nalonso limatha kunama. Mu 1984 kampani ya National Semiconductor inavomera m'khoti kuti kwa zaka zingapo inkagulitsa kwa asilikali machip amene sanayesedwe mokwanira ngakhale mapepala ankati ayesedwa. Nthawi yomweyo mafakitale a machip wamba, makamaka a ku Japan, anali ataphunzira chinthu china: ukamapanga mamiliyoni a chinthu chimodzi, cholakwika chilichonse chimaonekera msanga ndipo umachikonza pa gwero. Mzere wopanga machip ochepa a asilikali, kawirikawiri ndi makina akale, sunali ndi mwayi umenewo. Zinafika poti kachip kotchipa ka m'galimoto nthawi zina kankadalirika kuposa ka asilikali kodula kakhumi.

Nkhondo ya ku Gulf ya 1991 inavundukula zonse. Asilikali anali m'chipululu chopanda mtengo kapena phiri loti n'kudziwira njira, ndipo zipangizo za GPS za muyezo wa asilikali zinali zochepa kwambiri. Boma linathamangira kugula masauzande a zipangizo wamba za kampani ya Trimble ndi ya Magellan, ndipo makolo ena ankagula okha m'masitolo n'kutumizira ana awo. Boma linakakamizika kuzimitsa kwakanthawi njira imene linkasokonezera dala GPS ya anthu wamba, kuti zipangizo zimenezi zizilondola bwino. Zinagwira ntchito.

Pa 29 Juni 1994, nduna ya zachitetezo William Perry, katswiri wa masamu amene anayendetsapo kampani yake ya zamagetsi ku California, analemba kalata imene inasintha zonse. Kale amene ankafuna kugwiritsa ntchito chinthu cha kumsika ndiye ankapempha chilolezo. Kuyambira tsikulo, wofuna kulamula muyezo wa asilikali ndiye ankayenera kupempha chilolezo n'kufotokoza chifukwa chake. Boma linati lizingonena zimene chida chiyenera kuchita, osati mmene chiyenera kupangidwira. Katundu wogulidwa monga alili kumsika anayamba kudziwika ndi dzina lachidule lakuti COTS.

Phindu lake linali lenileni, ndipo amene amalakalaka masiku akale asamaliiwale. Gulu la nkhondo la pamadzi linayamba kuika makompyuta wamba m'makina omvetsera a sitima zake za pansi pa madzi, n'kumawasintha pakapita zaka zochepa m'malo modikira zaka 15 kuti apange apadera amene pomalizidwa amakhala atatsalira kale. Pa sitima ya USS Colorado, imene inayamba ntchito mu 2018, chogwirira choyendetsera kamera yoonera pamwamba pa madzi, cha madola pafupifupi 38,000, chinalowedwa m'malo ndi kontirola ya masewera ya Xbox ya madola pafupifupi 30, imene achinyamata olowa usilikali amaidziwa kale. Mu 2010 malo ofufuzira a gulu la ndege ku Rome m'boma la New York analumikiza makina a PlayStation 3 okwana 1,760 n'kupanga kompyuta yamphamvu kwambiri pa mtengo wochepa zedi.

Nkhani ya PlayStation yomweyo ili ndi mbali ina. Chaka chomwecho kampani ya Sony inachotsa m'makinawo mwayi woikamo pulogalamu ya Linux, umene kompyuta yonseyo inkadalira. Sony inali ndi zifukwa zake za malonda, ndipo makina 1,760 pakati pa mamiliyoni ambiri sanali kanthu kwa iyo. Makina akafa, atsopano a m'sitolo sakanathanso kulowa m'malo mwake. Umu ndi mmene zimakhalira ukakhala kasitomala wamng'ono: zinthu zimasintha osakufunsa.

Patangopita zaka zochepa kalata ya Perry italembedwa, makampani akuluakulu monga Motorola, AMD ndi Intel anasiya kupanga machip a muyezo wa asilikali. Apa m'pamene panabuka vuto lalikulu kuposa onse, la kusiyana kwa zaka. Kachip ka kumsika kamakhala pa malonda zaka zochepa, ka m'foni mwina ziwiri kapena zitatu. Chida cha nkhondo chimatenga zaka khumi kapena kuposa kuti chipangidwe, n'kutumikira zaka 30 kapena 40. Ndege ya B-52 yomaliza inatuluka m'fakitale mu 1962 ndipo akufuna iuluke mpaka zaka za m'ma 2050. Ndege ya F-22 isanayambe n'komwe ntchito mu 2005, purosesa ya Intel i960MX imene kompyuta yake inamangidwapo inali itatha kale ntchito pamsika. Wopanga akalengeza kuti akusiya, wogula amapatsidwa miyezi yowerengeka kuti aode komaliza. Ayenera kulosera kuti adzafuna angati m'zaka 25 zikubwerazo. Akagula ochuluka, ndalama zagona m'nyumba yosungiramo katundu. Akagula ochepa, tsiku lina adzapezeka akusakasaka kwa amalonda apakati, ndipo kumeneko n'kumene machip a ku Shantou amadikirira.

Ndiye pali pulasitiki. Machip a kumsika amakutidwa ndi pulasitiki yakuda, imene ndi yotchipa, yopepuka ndiponso yopirira kugwedezeka, koma imamwa chinyontho pang'onopang'ono. M'kompyuta yoyaka tsiku lililonse kutentha kwake komweko kumaumitsa chinyonthocho. Mzinga sukhala choncho. Umagona zaka 15 kapena 20 m'nkhokwe, mwina m'mbali mwa nyanja momwe mpweya uli ndi mchere, osayatsidwa, kenako uyenera kudzuka m'kamphindi n'kugwira ntchito kamodzi kokha mosalakwitsa. Palibe wopanga machip a m'foni amene amayesa katundu wake ndi moyo wotere m'maganizo, ndipo palibe chifukwa choti atero.

Vuto lina linachokera ku lamulo labwino. Kuyambira pa 1 Julayi 2006 mayiko a European Union analetsa mtovu m'zipangizo zambiri zamagetsi chifukwa ndi poizoni, makamaka kwa ana ndi kwa anthu amene amagumula zinyalala zamagetsi. Zida za nkhondo lamulolo silinazikhudze, koma mafakitale sakanasunga mizere iwiri chifukwa cha kasitomala wamng'ono, choncho anayamba kukuta miyendo ya machip ndi tini yekhayekha. Tini wopanda mtovu ali ndi khalidwe lodabwitsa. Pakapita miyezi kapena zaka amamera tindevu tachitsulo topyapyala kuposa tsitsi la munthu, timene timatalika mpaka kukhudza mwendo woyandikana nawo n'kuchititsa shoti. Si nkhambakamwa chabe. Mu Meyi 1998 setilaiti ya Galaxy IV inasiya kugwira ntchito, mapeja (tizipangizo tolandirira mauthenga afupiafupi) ambiri a ku America, kuphatikizapo a madokotala, n'kungoti zii, ndipo tindevu ta tini tinatchulidwa kuti ndito tinapha kompyuta yake yaikulu. Mtovu wochepa chabe, magawo atatu pa 100, umachepetsa kwambiri vutoli. Lero pali makampani amene ntchito yawo ndi kutenga machip atsopano n'kuviika miyendo yawo m'mtovu wosakaniza ndi tini kuti akalowe m'zida za nkhondo. Kuviikako kumawonjezera mtengo, kumatenthetsa kachipko, ndipo wokapanga sayankhanso kanthu kakawonongeka.

Tsopano tifike m'fakitale momwe bolodi ya rada ikulumikizidwa. Pa chojambula chovomerezeka palembedwa nambala ya kachip kenakake. Wogula katundu wabwera ndi uthenga woti kameneko sikapezeka mpaka chaka chamawa, koma pali kena ka kampani yomweyo, miyendo yofanana, ntchito yofanana, kotchipa, kopezeka mawa, kungoti n'ka muyezo wa m'fakitale. Kontirakiti ili ndi tsiku lake ndipo kuchedwa kuli ndi chindapusa. Aliyense amene anagulapo speya ya galimoto ku Ndirande kapena kwa Mchesi amaidziwa nkhaniyi: speya imalowa bwinobwino pamalo pake, injini n'kulira, ndipo choonadi chimadzadziwikira pa chitunda galimoto italemedwa. Bolodi yokhala ndi kachip kolowa m'maloko idzapambana mayeso onse a patebulo m'chipinda chozizirira bwino. N'chifukwa chake lamulo limati kusintha kotere kulembedwe, mainjiniya akuunike, ndipo boma monga wogula livomereze lisanalandire katunduyo. Kulowetsa mwakachetechete n'kusaina kuti zonse zili monga mwa chojambula ndi chinyengo, ngakhale kachipko katakhala kabwino chotani, chifukwa amene adzakonze rada imeneyo patapita zaka khumi adzakhulupirira pepala.

Njira yachilungamo ilipo, koma si yotchipa. Mainjiniya amatenga machip a kumsika n'kuwayesa okha pa kuzizira ndi kutentha kopitirira zimene wopanga analonjeza. Kawirikawiri amapambana, chifukwa opanga amasiya mpata. Akatswiri a ku yunivesite ya Maryland, motsogozedwa ndi Michael Pecht, anachita zambiri kuti njirayi ikhale ya dongosolo. Chovuta n'chakuti zotsatirazo n'za gulu limene layesedwalo basi. Wopanga ali ndi ufulu wochepetsa kukula kwa silikoni ya m'kati, wosinthira ku fakitale ina kapena wogwiritsa ntchito waya wa kopa m'malo mwa golide, nambala yakunja osasintha, malinga ngati kachipko kakukwaniritsabe lonjezo la madigiri 0 mpaka 70. Mpata umene munaudalira chaka chatha mwina chaka chino palibe. Apa m'pamene ndimaona kuti otsatira Perry ena anadzinyenga. Ntchito yoyesa, yolondola ndi yosunga mbiri sinathe ayi. Inangosamuka kuchoka kwa wopanga machip kupita kwa wopanga chida, ndipo m'mapulogalamu ambiri palibe amene anapatsidwa ndalama kapena anthu oti aigwire.

Boma linabwerera pang'ono. Mu 2005 linachotsa lamulo lopempha chilolezo pofuna kutchula muyezo wa asilikali. Kumapeto kwa 2011, kafukufuku wa Senate ali m'kati, motsogozedwa ndi aphungu a Senate Carl Levin ndi John McCain, linakhazikitsa lamulo lokakamiza makontirakitala akuluakulu kugula kwa opanga enieni kapena ogulitsa ovomerezeka pamene kuli kotheka, kunena akapeza chokayikitsa, ndi kulipira okha mtengo wochotsa zachinyengo. Kufunika kwake kunaonekera pamene ofesi yolondoloza ndalama za boma ya GAO inapanga kampani yabodza n'kuoda machip 16 pa intaneti. Onse anabwera, onse okayikitsa, ndipo anayi mwa iwo anali ndi manambala amene ofesiyo inangopeka, oti palibe fakitale inawapangapo. Mu 2012 nthambi yogula katundu wa asilikali inayamba kufuna kuti machip ena azidindidwa chizindikiro cha DNA ya zomera chovuta kukopera.

Nkhondo ya ku Ukraine yabweretsanso mtsutsowu ndi mphamvu. Mu Ogasiti 2022 bungwe lofufuza la RUSI la ku London linati m'zida 27 za Russia zimene zinagwidwa kapena kugwetsedwa munapezeka mitundu yosachepera 450 ya tizipangizo ta kunja, tambiri ta makampani a ku America, ndipo tochuluka tinali ta wamba. Drone ya Russia ya Orlan-10 inapezeka ndi kamera ya Canon yonga ya m'sitolo. Ukraine nayo imapanga madrone ankhaninkhani ndi zipangizo za anthu ochita masewera. Popeza machip amenewa ndi omwewo a m'mafiriji ndi m'magalimoto, kuwaletsa kufika kwa mdani n'kovuta kwambiri. Ena akuona zimenezi n'kunena kuti miyezo yakale ilibenso ntchito, ndipo amatchulanso helikoputa ya Ingenuity imene inauluka ka 72 pa Mars ndi purosesa ya m'foni ya Snapdragon 801, pamene ankayembekezera maulendo asanu okha.

Zitsanzozi n'zoona, koma sizikutanthauza zimene iwo akufuna. Drone imene yapangidwa mwezi uno n'kuphulika mwezi wamawa ilibe nthawi yomera tindevu kapena kumwa chinyontho, ndipo imodzi pa khumi ikalephera, zisanu ndi zinayi zinazo zimapitirira popanda mwana wa munthu m'kati. Ingenuity inali yoyesera chabe. Galimoto ya Perseverance imene inainyamula, yomwe kufa kwake kukanathetsa ulendo wonse, inadalira purosesa yakale ya RAD750, yochedwa kwambiri poyerekeza ndi ya m'foni koma yopangidwa kuti ipirire cheza choopsa cha m'mlengalenga. Anali mainjiniya a malo amodzi, pa ulendo umodzi, ndipo anasankha mosiyana atafunsa kuti chinthucho chikhala nthawi yaitali bwanji, chikakhala kuti, ndipo chikafa atayika ndi ndani.

Unduna wa zachitetezo wa America tsopano ukuyendetsa njira ziwirizi nthawi imodzi. Mu 2023 unalengeza pulogalamu ya Replicator yofuna masauzande a madrone otchipa oti kutayika kwawo kusamadandaulitse. Nthawi yomweyo ukupanga mzinga wa nyukiliya wa Sentinel woti ulowe m'malo mwa Minuteman III, umene wakhala m'maenje ake kuyambira 1970, ndipo watsopanowo akufuna udzatumikire mpaka zaka za m'ma 2070. Machip apamwamba kwambiri padziko amapangidwa makamaka ku Taiwan, ndipo madola 52 biliyoni amene lamulo la CHIPS la 2022 linapatula kuti mafakitale amangidwe ndiponso kafukufuku wa machip achitike ku America akupita kwambiri kwa makampani amene makasitomala awo enieni ndi opanga mafoni, magalimoto ndi makompyuta. Mainjiniya a Sentinel akusankha lero machip amene ambiri mwa iwo adzachoka pamsika mzingawo usanalowe n'komwe m'dzenje lake loyamba.